UMOYO PABANJA: Thupi Likamayabwa Koma Mphere Palibe

 M'kope lino ndafuna kuti tikambirane za vuto limene ambiri a ife timaliseka kapena kulichitira manyazi, ndilo kuyabwa kwa thupi kosatha. Ine si dokotala ayi, ntchito yanga ndi yophunzitsa ana kumadrasa. Koma nkhaniyi inafika pakhomo pathu penipeni, ndipo zimene ndinaphunzira poyenda ndi wodwala m'zipatala ndaona kuti si bwino kuzisunga ndekha.

Zimene zinawachitikira amalume

Amalume anga anali msodzi wamphamvu, mwini wake wa bwato ndi chilimira. Chaka china m'nyengo ya mwera anayamba kudandaula kuti msana ukuwayabwa. Masana ankapirirako, koma kukada tulo sankatiwona. Ankatenga chitsononkho cha chimanga n'kumadzikanda nacho, mwinanso kukhuza msana pansanamira ya pakhonde. Tonse tinangoti ndi mphere. Tinagula mankhwala opaka, akunyumba kwawo anawiritsa zofunda zonse, mphasa n'kuyanika padzuwa. Mwezi unatha, wachiwiri unathanso, osasintha.

Chinalipo chinthu chimodzi chimene tikanachizindikira msanga tikanakhala odziwa. Pabanja ponsepo panalibe wina amene ankayabwa, ngakhale mayi ogona nawo mphasa imodzi kapena adzukulu okhala pamiyendo pawo tsiku lililonse. Pakhungu pawo panalibenso tiziphuphu ta mphere, koma mikwingwirima ya zikhadabo zawo zokha.

Posakhalitsa mphekesera zinayamba. Ena anati aponda mankhwala panjira, ena anati wina wawawaza chitedze chamatsenga chifukwa cha mkangano wa padoko. Kumzikiti anzawo a mzere woyamba anayamba kusiya kampata pakati. Iwo ataona zimenezo anasiya kubwera ngakhale pa Ijumaa. Tsiku lina madzulo ndikuwazonda anandiuza kuti, "Mphwanga, ine ndakhala ndikupirira mwera panyanja usiku wonse, koma ichi chandigonjetsa. Kuyabwaku kuli m'kati, kumene chikhadabo sichifika." Ine ndinangowapepesa, osadziwa kuti anena zenizeni zimene madokotala amanena.

Patapita miyezi 8 mapazi anayamba kutupa, nkhope nayo m'mamawa inkadzuka yotupa, chakudya chinkawachititsa nseru. Pamenepo m'pamene tinapita nawo kuchipatala. Anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi kwa nthawi yaitali kumene sankakudziwa, ndipo atayeza magazi anatiuza kuti impso zatsala pang'ono kusiya kugwira ntchito. Dokotala ananditembenukira n'kufunsa kuti, "Bambo, miyezi yonseyi munali kuti?" Ndinasowa choyankha. Amalume anakhala nafe chaka chimodzi chokha kuchokera tsikulo. Allah awakhululukire ndi kuwaika pabwino. Imfa ili ndi nthawi yake, palibe angaisunthe. Chimene chimandiwawa ndi miyezi imene tinataya popaka khungu, ndi manyazi amene tinawasenzetsa munthu wosalakwa.

Kusiyanitsa kuyabwa wamba ndi koopsa

Ndisakuopsezeni, abale anga. Kuyabwa kochuluka kumene timakuona m'midzi mwathu ndi kwa pakhungu: mphere, zipere, nsabwe, nsikidzi, ziwengo, kapena khungu louma m'nyengo yozizira, makamaka kwa okalamba. Mphere imadziwika msanga. Imatulutsa tiziphuphu pakati pa zala, m'mikono, m'chiuno ndi kumalo obisika, ndipo imagwira nyumba yonse. Kulinso kuyabwa kumene munthu amakumva akangovuuka m'madzi a nkhono za likodzo, koma kumeneko kumatha m'masiku ochepa.

Kuyabwa kumene tikunena pano ndi kwina. Achipatala amati kuyabwa kukapitirira masabata 6 ndiye kuti kwakhalitsa, ndipo kuyenera kufufuzidwa. Nthawi zambiri kumakhala thupi lonse kapena mbali yaikulu ya thupi, kumakula usiku, pakhungu sipaoneka nthenda ina kupatula mabala odzikanda, ndipo wodwala amakhala yekha pabanjapo. Akuluakulu anati utsi sufuka popanda moto. Pamenepa khungu ndi denga chabe pamene utsi ukutulukira, moto uli m'nyumba.

Impso

Impso ndi sefa ya thupi. Usana ndi usiku zimasefa magazi ndi kutaya zoipa kudzera mu mkodzo. Zikafooka, zoipazo zimatsalira m'magazi, khungu limauma, ndipo timitsempha ta pakhungu timayamba kutumiza uthenga wa kuyabwa. Mwa odwala amene amasefedwa magazi ndi makina, pafupifupi 4 mwa 10 alionse amavutika nako kwambiri. Zizindikiro zina ndi kutupa mapazi ndi nkhope, mkodzo wa thovu, kukodza pafupipafupi usiku kapena kuchepa kwa mkodzo, kufooka, nseru ndi kusowa chilakolako cha chakudya.

Zimene zimawononga impso kwambiri ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga, ndipo zonse ziwiri munthu angathe kukhala nazo zaka zambiri osamva kanthu. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja palinso likodzo. Mwana akamakodza magazi ena amati wakula, pamene ndi matenda. Likodzo losachizidwa limasiya zipsera m'chikhodzodzo ndi m'timipaipi totsitsa mkodzo, mkodzo n'kumabwerera kukapweteka impso. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawidwa m'masukulu. Musawaletse ana kumwa. Chinanso ndi mapiritsi opha ululu monga brufen, indocid ndi diclofenac amene asodzi ndi alimi amagula m'maokala n'kumamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana. Akachuluka amapha impso pang'onopang'ono.

Makina osefera magazi amapezeka kuzipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo wodwala amafunika kupitako kangapo pa sabata iliyonse. Taganizirani banja la ku Makanjila kapena ku Nkhotakota, ulendo umenewo lingauthe bwanji? N'chifukwa chake kudziwa msanga kuli kofunika, chifukwa impso zikagwidwa zisanafike pothera, mankhwala a magazi othamanga ndi a shuga amachedwetsa kuwonongeka kwake.

Chiwindi ndi ndulu

Tikapha mbuzi timasamala kuti kathumba ka ndulu kasaphulike. Ndulu imeneyo imapangidwa m'chiwindi, n'kutsikira m'matumbo kukathandiza kugaya mafuta. Njira yake ikatsekeka, kapena chiwindi chikadwala, ndulu imabwerera m'magazi ndipo munthu amayabwa koopsa, makamaka m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Maso amasanduka achikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chimayererako. Dziwani kuti nthawi zina kuyabwa kumatsogola, chikasu n'kubwera pambuyo.

Zoyambitsa zake ndi zingapo: timiyala ta m'ndulu, chotupa chotseka njira ya ndulu, mowa, ndi tizilombo ta hepatitis B ndi hepatitis C. Ena amadabwa kuti munthu wosalawa mowa chibadwire angadwale bwanji chiwindi. Hepatitis B safuna mowa. Amapatsirana kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, kudzera m'magazi ndi pogonana. Lumo limodzi lometera anthu ambiri, lotemera mphini, singano yoboolera makutu, ngakhale mpeni umodzi kujando, zonsezi ndi njira zake. Kuno kwathu katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'chaka cha 2002, choncho amene anabadwa chisanafike chakacho ambiri sanabayidwe. Kuyezetsa magazi ndi njira yokhayo yodziwira. Tisamalenso mtedza ndi chimanga chochita chuku, chifukwa poizoni wake amawononga chiwindi.

Mawu kwa amayi oyembekezera

Apa ndikupempha amayi ndi alongo athu, ndi anamkungwi amene amalangiza achitsikana, kuti mumvetsetse bwino. Kuyabwa pang'ono pamimba chifukwa cha kukokeka kwa khungu n'kozolowereka. Koma mayi amene pakati pake papitirira miyezi 6, akayamba kuyabwa m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi, makamaka usiku, popanda zotuluka pakhungu, apite kusikelo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, asadikire tsiku limene analemberedwa. Kumeneko kungakhale kuima kwa ndulu kumene kumadza ndi pakati. Kwa mayi kumatha akangochira, koma kwa mwana n'koopsa: angathe kubadwa masiku asanakwane, kapena kufera m'mimba. Achipatala akadziwa amayeza magazi, amamuyang'anira mayiyo pafupipafupi, ndipo nthawi zina amamuchiritsa masiku asanakwane kuti apulumutse mwana. Vutoli limakonda kubweranso pa mimba yotsatira, choncho amene linawagwirapo anene msanga. Abambo, mayi akanena zimenezi musati ndi nthumanzi za pakati. Pezani njinga.

Magazi ndi zina za m'thupi

Kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi nako kumayabwitsa thupi. Kumagwira kwambiri amayi obereka pafupipafupi kapena otaya magazi ambiri kumwezi, ndi anthu a njoka za m'mimba. Munthu amafooka, amachita chizungulire, m'zikope ndi m'zikhatho mumayera, ena amalakalaka kudya dothi. Uku n'kosavuta kuchiza, koma achipatala ayenera kupeza kumene magaziwo akuthera.

Aliponso matenda ena osowa otchedwa polycythaemia vera, amene magazi amachuluka mopitirira muyeso. Chizindikiro chake n'chachilendo: munthu akangosamba, thupi limayabwa ngati akumubaya ndi tisingano. Si onse oyabwa akasamba amene ali ndi matendawa, ambiri alibe, koma ngati zayamba ukulu ndipo zikukula, kayezetseni.

Khansa ya m'mwanabere yotchedwa Hodgkin lymphoma imagwiranso achinyamata, ndipo kuyabwa kungayambe miyezi ingapo chotupa chisanaoneke. Zizindikiro zake ndi mwanabere wosapweteka m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche amene sakuphwa, thukuta lonyowetsa zofunda usiku, kutentha thupi kobwerabwera ndi kuwonda. Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimachizika ikapezeka msanga.

Matenda a chithokomiro amayabwitsanso, makamaka chikamagwira ntchito mopitiriza: munthu amawonda pamene akudya bwino, mtima umagunda msanga, manja amanjenjemera. Shuga amaumitsa khungu ndi kubweretsa mauka obwerezabwereza kumalo obisika, pamodzi ndi ludzu losatha ndi kukodzakodza.

Tisazembe kutchula HIV. Tiziphuphu toyabwa ta m'mikono ndi m'miyendo, tosiya mawanga akuda, kawirikawiri timasonyeza kuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Ma ARV akhala akuperekedwa kwaulere m'dziko muno kuyambira 2004, ndipo munthu akayamba kumwa mokhulupirika tiziphuphuto timachepa. Kuyezetsa si kudziulula kuti unachimwa. Ambiri anatengera kwa okondedwa awo a m'banja, ena anabadwa nako.

Amene munakhalako kumapiri a Thyolo, Mulanje kapena Mwanza muwauze adokotala, chifukwa kumeneko kuli tintchentche takuda ta m'mitsinje yothamanga timene timapatsa tinyongolotsi toyabwitsa khungu kwa zaka zambiri ndi kuwononga maso. Mankhwala ake ndi Mectizan.

Pomaliza, mankhwala eniake angathe kuyabwitsa. Akuluakulu mukukumbukira chloroquine, mmene ankatikandira usiku wonse tisanasinthe n'kuyamba Fansidar mu 1993. Leronso mankhwala monga morphine ndi tramadol amachita zomwezo, ndipo ena amapweteka chiwindi mwa anthu ena. Musasiye nokha mankhwala a TB, a HIV kapena a magazi othamanga. Pitani nawo kwa amene anakulemberani akaone. Koma ngati mwayamba mankhwala atsopano ndipo maso achita chikasu, kapena khungu ndi milomo zikusupuka, thamangani tsiku lomwelo.

Pokaonana ndi dokotala

Safunsa anadya phula. Ambiri a ife tikalowa m'chipinda cha dokotala timangoti "thupi likuyabwa", iye n'kutilembera mankhwala opaka, ife n'kutuluka. Pamzere pali anthu ambiri, ndipo dokotala sangalote zimene simunanene. Muuzeni zinthu izi: kuyabwa kunayamba liti, kuli pati, pabanja pali wina woyabwa kapena ayi, mankhwala a mphere munapaka kangati osathandiza, mkodzo ndi chimbudzi zikuoneka bwanji, mwawonda kapena ayi, mumatuluka thukuta usiku kapena ayi. Tengani mankhwala onse amene mukumwa, ndi azitsamba omwe, musabise. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Pemphani mwaulemu kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi, shuga, mkodzo, kuchuluka kwa magazi, HIV ndi hepatitis B. Zoyeza impso ndi chiwindi kawirikawiri zimapezeka kuchipatala chachikulu cha paboma, choncho ngati chipatala chaching'ono chilibe, pemphani kalata yokutumizani. Mwina zonse zidzatuluka bwino, Alhamdulillah, chifukwa pali ena amene amayabwa popanda nthenda ya m'kati. Ngakhale zili choncho, kuyabwa kukapitirira mubwererenso patapita miyezi ingapo, popeza matenda ena amachedwa kudzionetsa.

Zothandiza pakhomo

Izi sizichiza gwero, koma zimapatsa wodwala mpumulo. Asambe madzi ofunda pang'ono, osati otentha, chifukwa otentha amakoma pa nthawiyo koma pambuyo pake amawonjeza kuyabwa. Sopo akhale wochepa, wosanunkhira, ndipo wochapira zovala asamusambire. Asadzikhule ndi mwala kapena chinkhupule. Akangosamba, thupi lisanaumiretu, adzole Vaseline kapena glycerine. Ife amene timatawaza kasanu patsiku manja ndi mapazi zimauma msanga, choncho tizidzolanso tikatha. Zikhadabo ziwengedwe. Pamene payabwa kwambiri aikepo kansalu konyowa ndi madzi ozizira m'malo mokanda, chifukwa kukanda kumaitana kuyabwa kwina ndipo mabala amalowa mafinya. Zovala zikhale za thonje, zotakasuka.

Zoyenera kupewa ndi izi: kupaka parafini, oyilo wakuda wa injini kapena phulusa la mabatire, kudzola kwa miyezi mafuta amphamvu ogula pamsika aja ena amayeretsera khungu, ndi kumwa mabotolo a zitsamba zosadziwika muyeso wake pofuna "kutsuka magazi". Impso kapena chiwindi chimene chafooka kale sichingapirire katundu wotere. Piriton amathandiza ziwengo, koma pa kuyabwa kwa impso ndi chiwindi amangogonetsa tulo. Msodzi wopita panyanja usiku kapena woyendetsa njinga yamoto asamwe akupita kuntchito.

Chipembedzo chathu sichimuumiriza wodwala

Ena amandifunsa ngati kudzikanda kumaononga swala. Ophunzira a malamulo a chipembedzo analongosola kuti kuyendetsa zala pang'ono sikuononga, ndipo munthu amene kuyabwa kwamukulira mwakuti sangathe kupirira amakhululukidwa. Choncho wodwala asasiye swala kapena kuthawa mzikiti. M'mabuku a Bukhari ndi Muslim muli nkhani yoti Mtumiki (S.A.W.) analola maswahaba awiri, Abdur-Rahman bin Awf ndi Zubair bin Al-Awwam, kuvala silika chifukwa cha kuyabwa kumene kunkawavuta, ngakhale kuti silika ndi woletsedwa kwa amuna. Ngati lamulo linafewetsedwa chifukwa cha kuyabwa, ndiye kuti vutoli silinatengedwe ngati nthabwala. Nanga ife tikamamuseka wodwala kapena kumupatulira mbale, tatengera kwa yani?

Pa nkhani ya Ramadhani, amene apezeka ndi matenda a impso, chiwindi kapena shuga afunse dokotala mwezi usanaoneke ngati angathe kufunga. Kukhala tsiku lonse osamwa madzi m'nyengo yotentha kungathe kupweteka impso zofooka. Wodwala anapatsidwa chilolezo, ndipo shehe wanu adzakufotokozerani za kubweza masiku kapena kudyetsa osauka. Dua tipange, ndipo kuchipatala tipite. Ziwirizi sizilimbana.

Kuyabwa kwa impso, chiwindi kapena magazi sikupatsirana pogwirana chanza, pokhala mphasa imodzi kapena podyera mbale imodzi. Munthu wosagona usiku kwa miyezi amapsa mtima msanga, amataya mtima, ena amafika polakalaka imfa. Afunika anthu pafupi. Komanso tisathamangire kuloza zala achibale kuti ndiwo alodza. Pakhomo pa amalume mabanja awiri anasiya kulankhulana chifukwa cha mphekesera ija, ndipo zotsatira za magazi zitabwera panalibe amene anapita kukapepesa.

Abale ndi alongo, mukatha kuwerenga tsamba lino taganizirani za m'nyumba mwanu ndi mwa anansi. Kodi alipo agogo, mayi kapena mnyamata amene wakhala akudzikanda kupitirira masabata 6, yekhayekha, mankhwala opaka osathandiza? Muwerengereni nkhaniyi, ndipo sabata ino muperekezeni kuchipatala. Allah apereke machiritso kwa odwala athu onse ndi kupirira kwa owasamalira. Tidzachezanso m'kope likudzalo, Insha Allah.